Apongozi anakana saladi yanga ya nkhuku

Azakhali,

Ndinakwatiwa chaka chatha ndipo tikukhala ku Chilomoni. Sabata yatha apongozi anga aakazi anabwera kuchokera kumudzi ku Dedza kudzationa koyamba. Pofuna kuwasangalatsa ndinaotcha nkhuku pa mbaula, n'kuiduladula, n'kusakaniza ndi letesi, mango ndi mapeyala. Nsima sindinaphike. Anangoyang'ana mbale ija n'kunena kuti akhuta, usiku umenewo anagonera tiyi. Amuna anga akungoseka, pomwe apongozi akundiyankha mwachidule. Ndalakwa chiyani?

Wosokonezeka, Blantyre

Mwana wanga,

Saladi yakoyo inalibe mlandu, koma unaitulutsa tsiku lolakwika. Kwa mayi wochokera kumudzi, nkhuku ya mlendo ndi ulemu. Imaphikidwa ya msuzi, ziwalo zonse zioneke m'mbale, nthutumba ili momwemo, nsima yotentha pambali. Iwo ataona nyama yoduladula, yozizira, yosakanikirana ndi mango, anangoti mpongozi wandipatsa zotsala dzulo. Ndiponso ukudziwa wekha kuti kwathu kuno amene sanadye nsima amati wagona ndi njala.

Mwamuna wakoyo asiye kuseka. Amayi ake amawadziwa ndi iyeyo, ndipo akanakutsina khutu usanakoleze mbaula. Umuuze zimenezi muli awiri, kuchipinda.

Mawa lawira kumsika, ugule nkhuku yamoyo yachikuda, uwaonetse isanaphedwe. Poperekera chakudya ugwade n'kunena kuti, "Amayi, tsiku lija ndinakugonetsani ndi njala, pepani." Basi. Usayambe kuwaphunzitsa za mavitamini.

Koma saladiyo usaitaye, ine ndimaikonda, makamaka nyengo yotentha mango akamapsa. Lachiwiri kapena Lachitatu uiike pambali pa nsima m'kambale, osanena kanthu. Nkhuku yake ikhale yoyera ija, chifukwa yachikuda ukaiotcha imalimba. Ine ndimasankha ntchafu yochotsa fupa, popeza nganga imauma msanga pamoto. Uinyike kwa ola limodzi mu madzi a ndimu, adyo, mchere ndi mafuta pang'ono. Makala adikire mpaka atatuwa ndi phulusa. Ukaotcha pa malawi kunja kumapserera m'kati muli mwazi. Ukaibaya pa mnofu wonenepa pazituluka madzi oyera, osati ofiirira. Ikapsa isiye mphindi 10 usanaidule, kuti msuzi wake usathere pathabwa.

Thabwa ndi mpeni zimene zakhudza nkhuku yaiwisi zisayandikire zipatso usanazitsuke ndi sopo. Letesi umutsuke ndi madzi owiritsa ozizira kapena othira mankhwala. Apa sindikuseka ayi: apongozi akatsegula m'mimba pakhomo pako, nkhani yake ikafika mpaka kwa ankhoswe.

Mango akhale akupsa koma olimba, opanda ulusi wambiri. Mapeyala uwadule pomaliza n'kuwafinyira ndimu kuti asade. Ngati uikamo nanazi, usasakanize nthawi isanakwane, amafewetsa nyama mpaka kuphwanyika. Pamwamba thira ndimu, mafuta, uchi pang'ono ndi kambuzi mmodzi wosinja, kenaka nkhukuyo ikadali yofunda, ndi mtedza wokazinga umene apongoziwo aukonda ndithu.

Akalawa, chabwino. Akangotola nyama yokha n'kusiya masamba, usakwiye, uwaonjezere ntchafu ina.

Azakhali