PHUNZIRO LA MWEZI UNO: UMBONI WA PA MTONDO NDI PA MALIRO

Werengani Marko 5:1-20. 2 Mafumu 5:1-5. 1 Petro 3:1-2.

Abale okondedwa mwa Ambuye, a ku Madisi ndi inu nonse a m'mapiri a Dowa ndi Nchisi: munthu uja wa kumanda, amene Yesu anamcotsera ziwanda, anapempha cinthu cooneka cokoma ndithu. Anafuna kulowa m'ngalawa, atsate Mpulumutsi wace. Koma Ambuye anamkaniza, namtumiza kwao, kwa anthu omwe aja adammanga ndi maunyolo, odziwa manyazi ace onse. Tikadakhala ife tikadati, Ambuye, kwina konse ndipita, koma kwathu iai. Pakuti kulalikira kwa alendo nkwapafupi, iwo sadziwa za mbuzi imene unakongola dzinja lija. Koma kwanu mau ako asanaturuke m'kamwa, anthu ayamba awerenga mayendedwe ako.

Taganizirani umo Uthenga unafikira m'dziko lino. A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anaima pa Mvera, m'dziko la Ciwere, pa 28 November 1889. Robert Blake anayamba nchito pa Kongwe, kwa Msakambewa, mu 1894, ndipo pa Cinthembwe anayamba mu 1910. Azungu amenewa anali owerengeka ndi zala, ndi Buku Lopatulika lathunthu linasindikizidwa mu 1922, zitapita zaka 33. Nanga Mau anakwera bwanji zitunda zonsezi, natsikira kucigwa ca Bua? Anayenda ndi aphunzitsi a m'midzi, anayenda ndi amtengatenga, ndi anyamata opita ku cikamwini, ndi ana ocokera kusukulu oyimba nyimbo pa moto madzulo, amao alikumva ali cete.

Akulu a kuno adziwa dzina la Msyamboza, mfumu ya pa Cibanzi, amene anamwalira mu 1926 ali nkhalamba, ndipo mbiri yace anailemba mphunzitsi Samuel Nthara. Anali mlenje ndi wamalonda, nalandira sukulu m'mudzi mwace, nabatizidwa ali wamkulu kale. Iyeyu anapatutsa madzi a mumtsinje ndi ngalande, nalima tirigu pamene anzace anali asanamuone n'kale lonse. Ine nditi ulaliki wa munthu wotere unali m'dimba mwace ndi pabwalo pace poweruza mirandu, ndipo unamveka kutali koposa ng'oma ya Lamulungu.

Tsono onani buthu lija la m'nyumba ya Namani. Linali kapolo, logwidwa pa nkhondo, ndi dzina lace lomwe silinalembedwe. Silinaime pa guwa. Linangonena mau amodzi kwa mbuye wace wamkazi pakati pa nchito za m'nyumba, ndipo kazembe wa nkhondo wa Aramu anacira khate lace. Amai a Cigwirizano, cimene cinayamba mu 1940, guwa lanu ndi mtondo, ndi citsime, ndi njira ya kunkhuni. Pamenepo mpamene mkazi aululira mnzace zimene sanganene kwa mbusa: za mwana wodwaladwala, za mwamuna wogona ku mowa, za mantha a ufiti. Koma cenjerani, pakuti mtondo womwewo ndiwo msika wa miseco. Mkazi wotenga cinsinsi ca mnzace nakaciwanditsa kucigayo watseka khomo limene mlaliki sadzalitsegula ngakhale pa zaka khumi.

Kwa iye amene mwamuna wace sapemphera, Petro walemba kuti mwamunayo angakopedwe ndi makhalidwe a mkazi wace, popanda mau. Ici sicitanthauza kuti mkazi apirire ndodo ali du. Wopandidwa apite kwa ankhoswe ndi kwa akulu a Mpingo, ndipo iwo asambweze ndi mau okhaokha. Citanthauza kuti nsima yoperekedwa ndi msunamo, ndi vesi pamwamba pace, siinatembenuze munthu ndi kale lonse. Comweconso mkamwini. Ukhala pamudzi pa eni, apongozi ako alikukuyang'ana m'mawa ndi madzulo. Ukalawirira kumunda wao, ukafolera nyumba yao mvula isanagwe, tsiku lina adzakufunsa okha cifukwa cace sulawa mowa wa pa dima, ungolima ndi kupita.

Za pa msika ndinena pang'ono, pakuti nzodziwika. Mkristu wogula soya ndi mtedza ndi sikelo yonyenga, kapena woika fodya woipa pakati pa belo, asabvutike kuitanira munthu ku kalasi. Ndipo pa njala ya 1949 ndi ya 2002 midzi inaona nkhokwe za ndani zinatseguka ndi za ndani zinakhala zomata.

Koma pamene ndifuna tikhalitse ndi pa maliro, cifukwa pamenepa ambiri a ife tapunthwa. Alipo Akristu ena amene, akamva kuti womwalirayo anali wa kudambwe, atseka citseko nati, Awo ndi akunja, adziika okha. Kodi adzukulu amene adzakumba manda ako udzawasankha ndiwe? Akale anati maliro n'kulirana, ndipo sananame. Inde, ziripo miyambo zimene Mkristu sakhoza kucita nao. Sapita kukaombeza kuti adziwe wadya munthu ndani, ndipo satola mwala kuponya nkhalamba imene aitcha mfiti. Pa zimenezi aime nji, ngakhale atsibweni ace amkalipire. Koma kutema nkhuni, kutunga madzi, kupereka ufa ndi cipepeso, kugona pa siwa usiku wonse pa mphepo ya June, izi palibe lamulo la Mulungu loletsa. Ndipo maliro atatha, anthu onse atabalalika, mkazi wamasiye akatsala yekha ndi munda wosapalira, pamenepo mpamene Mkristu ayenera kufika ndi khasu lace. Woferedwa saiwala nkhope ya munthu amene anadza sabata laciwiri.

Wina adzati, Cabwino, ndidzangocita zokoma, ndi pakamwa panga ndidzatseka. Iai mbale, pamenepo waphonyanso. Munthu wa kumanda uja anauzidwa kuti akanene, ndipo ananenadi m'Dekapoli monse. Andreya sanangokhala mlongosoli wabwino wa makoka pamaso pa Simoni. Anamuuza za Mesiya, napita naye kwa Yesu. Ukakhala cete anthu adzatama iwe, nati, Uje ngwa mtima wabwino monga amace, ndipo ulemu wa Mwini udzatsalira pa iwe. Cimene cifunika ndico kudziwa nyengo. Usalalikire munthu ali pa mkwiyo, kapena ataledzera, kapena pamaso pa anzace kuti umcititse manyazi. Kwa wamkulu uyambe wakhala pansi, nupereke moni wace wonse, nufunse za ana ndi za mbeu. Mau ako akhale ocepa, ndipo unene zimene Ambuye anakucitira iwe mwini, si zimene mnzakoyo walakwa.

Aphunzitsi a makalasi, mwezi uno musapatse ophunzira mavesi ambiri oloweza. Yense achule mumtima mwace munthu mmodzi wa pa mbumba yace kapena woyandikana naye munda, ampempherere masiku onse, ndipo amcitire nchito imodzi ya manja osamuuza cifukwa. Pa kalasi yotsiriza ya mwezi muwafunse za nchitoyo, koma maina a anthuwo asachulidwe.