Njinga ziwiri, mtengo umodzi: wogula ayang'ane pati?

Njinga zothamangira pa tala, zija za matayala owonda ndi mahandulo opindikira pansi, zimafika m'dziko muno zambiri zili zogwiritsidwapo kale ntchito kunja. Zimapezeka m'mashopu a katundu wakaunjika ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo zina zimatsatsidwa pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Vuto lake ndi lakuti wogulitsa nthawi zambiri amaika mtengo poyang'ana kuwala kwa penti ndi kupepuka kwa njinga basi. Motero njinga ziwiri zosiyana kutalitali zimatha kuima pamodzi pa mtengo wofanana, ina yoti ikhala zaka khumi, ina yoti isanathe miyezi itatu ikhala itakolekedwa kukhonde.

Mwachitsanzo, mphunzitsi wasunga K500,000 kuti asiye kulipira minibasi pa ulendo wa makilomita 15 wopita kusukulu. Pashopu apeza njinga ziwiri za mtengo umenewo. Yoyamba ndi ya felemu ya kaboni, yopepuka moti ainyamula ndi dzanja limodzi, ya magiya a Shimano 105 okhala ndi masipuloketi 11 kumbuyo. Yachiwiri ndi yachitsulo, penti yosupuka apa ndi apo, ya magiya a Shimano Sora a masipuloketi 9. Maso amathamangira yoyamba, ndipo kunja komwe zinachokera yoyambayo inalidi yodula kwambiri. Koma mtengo wa kunja suthandiza munthu amene tcheni chamudukira pa Lunzu.

Funso loyamba silikhudza magiya ayi, koma msinkhu. Njinga zamtunduwu zimapangidwa m'masaizi ngati nsapato, ndipo saizi yolakwika siikonzeka. Munthu wotalika masentimita 170 nthawi zambiri amakwanira pa felemu ya 52 mpaka 54, pamene wa masentimita 180 amafuna ya 56 mpaka 58. Manambalawa ndi ongoyambira chabe chifukwa makampani amayeza mosiyana. Choyezera chenicheni ndi thupi la wogula: aime njinga ili pakati pa miyendo, mapazi onse pansi, ndipo pakhale mpata wa zala ziwiri pakati pa iye ndi chitsulo chapamwamba. Akakhala pachishalo, chidendene chili papedulo yomwe ili pansi, mwendo uwongoke, ndipo manja afike pa mabuleki popanda kudzikoka. Ngati imodzi mwa njinga ziwirizo siikukwana, mpikisano watha pomwepo, ngakhale yosakwanayo itakhala yokongola chotani. Njinga yaikulu mopitirira imapweteketsa khosi ndi msana tsiku lililonse, ndipo mwini wake amayamba kupeza zifukwa zokwerera minibasi.

Zonse zikakwana, nkhani ibwere pa felemu, chifukwa china chilichonse panjinga chimasinthika kupatula iyo. Kamaginito kakang'ono kamathetsa mkangano wa chomwe felemu inapangidwira: kakamata ndiye kuti ndi yachitsulo, kakakana ndi ya aluminiyamu kapena kaboni. Zitatuzi zimakalamba mosiyana. Chitsulo chimachita dzimbiri ndipo n'cholemerako, koma chikapindika chimawongoleka, chikang'aluka wowotcherera wodziwa ntchito amachilumikiza. Pa njinga zina zakale pamakhala kachizindikiro kolembedwa Reynolds 531, Columbus kapena Cr-Mo 4130. Chimenecho ndi chitsulo chabwino, chopepuka kuposa cha njinga zonyamulira katundu. Aluminiyamu ndi wopepuka ndipo sachita dzimbiri lofiira lija, koma akang'aluka nkhani yatha, chifukwa malo owotcherera amafooka pokhapokha felemu itawotchedwanso mu uvuni wapadera, umene wowotcherera wa pamsika alibe. Kaboni ndiye wovuta kumuweruza. Amatha kusweka m'kati kunja kukuwoneka bwino, ndipo sapindika kaye kuti achenjeze mwini wake, amangothyoka. Wogula kaboni wakale amene sakudziwa mbiri yake akugula mbuzi ili m'thumba.

Pali malo atatu amene ngozi yakale imabisalako. Oyamba ndi kunsi kwa zitsulo ziwiri zolumikizana ndi khosi la njinga: ngati pali kakhwinya kapena penti yang'ambika mozungulira, njingayo inagundapo chinthu cha kutsogolo. Achiwiri ndi foloko, imene poyang'anira m'mbali siyenera kuwoneka yobwerera m'mbuyo. Achitatu ndi m'mizere yowotcherera, makamaka kunsi kumene kumalowa ekiselo ya mapedulo. Kamzere kakuda kowonda ngati tsitsi pa aluminiyamu si kukalika kwa penti nthawi zonse. Sitika yomatidwa pamalo achilendo nayo iyenera kufunsidwa chimene ikuphimba.

Chinthu china chimene ambiri amachiiwala ndi mpini wa chishalo. Wogula abwere ndi ma Allen key a 4, 5 ndi 6 mm, amasule bawuti, ayese kukweza ndi kutsitsa. Mpini wa aluminiyamu ukakhala zaka m'felemu yachitsulo popanda girizi umamatirira moti ngakhale amuna awiri amalephera kuupotokola, ndipo njinga yotero imakwana yekhayo amene anaikwera komaliza.

Tsopano pa magiya, pamene pagona ndalama zenizeni. Shimano amasanja zipangizo zake za njinga za pa tala motere kuyambira pansi: Claris, Sora, Tiagra, 105, Ultegra, ndi Dura-Ace pamwamba penipeni. Pa njinga zambiri za m'zaka zaposachedwapa Claris imakhala ndi masipuloketi 8 kumbuyo, Sora 9, Tiagra 10, ndipo 105 imakhala ndi 11 kapena 12. Masipuloketi akamachuluka tcheni chimawonda, mtengo wake umakwera, ndipo kuchipeza kumavuta. Tcheni cha masipuloketi 6, 7 ndi 8 ndi chimodzimodzi, ndipo ndi chomwe chimagwiranso pa njinga zambiri zamagiya zokwerera mapiri zomwe zadzaza m'misika. Kachipangizo kosuntha tcheni kumbuyo ka Shimano ka njinga zokwerera mapiri za masipuloketi 8 kapena 9 kamagwirizananso ndi Claris ndi Sora. Izi zikutanthauza kuti mwini Sora akapindikitsa chake amatha kupeza cholowa m'malo pafupi, pamene mwini 105 ya masipuloketi 11 angafunike kutuma munthu ku Johannesburg n'kudikira. Ya Campagnolo ya ku Italy ndi yabwino ndithu, koma zambiri za zipangizo zake sizisakanizana ndi za Shimano, choncho yogula ndi munthu amene ali ndi njira yoitanitsira katundu kunja.

Dzina lapamwamba silitanthauza kanthu ngati zipangizozo zatha. Tcheni chimayezedwa ndi lula wamba. Pa tcheni chatsopano, kuchokera pakati pa pini imodzi kukafika pa pini ina yomwe ili mainchi 12 kutsogolo, kapena mamilimita pafupifupi 305, lula amagwera pakati penipeni pa pini. Pini ikapitirira ndi milimita imodzi ndi theka, tcheni chafunika kusintha. Ikapitirira ndi mamilimita atatu, tchenicho chadya kale mano a masipuloketi, ndipo tcheni chatsopano chizingodumpha pokwera chitunda mpaka masipuloketi nawo atasinthidwa. Mano otha amakhala osongoka ndi opendekera mbali imodzi ngati minga ya duwa. Wopanda lula akoke tcheni kutsogolo kwa sipuloketi yaikulu ya pa mapedulo. Chikanyamuka mpaka kuwonetsa dzino lonse, chatha.

Chodula kuposa zonsezi ndi zogwirira mabuleki zomwe ndi zosinthiranso magiya. M'kati mwake muli timano ndi timasipuling'i tating'ono, ndipo zikathyoka kawirikawiri sizikonzeka, zimangofuna zina. Wogula asinthe giya iliyonse, kukwera ndi kutsika, njinga ikuyenda. Nthawi zina chogwirira chomwe sichikugwira chimangokhala ndi girizi wouma ndipo chimadzuka akachitsuka, koma zimenezo wogulitsa azitsimikize ndalama zisanaperekedwe. Njinga zakale zokhala ndi timikono tosinthira magiya pa chitsulo chapansi cha felemu zimanyozeka m'maso, chonsecho timikono timeneto sitimafa wamba.

Kukula kwa magiya nako n'kofunika kwa wokhala kumapiri. Njinga zambiri zamipikisano zili ndi mano 53 ndi 39 kutsogolo ndi sipuloketi yaikulu ya mano 25 kumbuyo. Pa chigwa cha Salima palibe vuto, koma wokwera kuchokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre, kapena wokhala m'zitunda za Zomba, adzathokoza njinga ya mano 50 ndi 34 kutsogolo ndi 30 kapena 32 kumbuyo.

Mawilo ndiwo amalandira nkhonya za misewu yathu. Wilo la masipoko 32 kapena 36 likaduka sipoko imodzi limagwedera pang'ono n'kumufikitsabe munthu kunyumba, ndipo wokonza njinga aliyense amaliwongola. La masipoko 20 kapena ocheperapo likaduka imodzi limapotoka mpaka kukhuza mabuleki, ndipo masipoko ake ena ndi amtundu wapadera. M'mbali mwa limu, momwe mabuleki amagwira, muyenera kukhala mowongoka. Chala chikamva kuti mwakumbika, limuyo yapyapyala ndipo tsiku lina idzang'ambika ndi mphamvu ya mpweya.

Pa matayala pali msampha wa manambala. Njinga zamakono za pa tala zimavala 700c, pamene zina zakale zimavala 27 inchi, ndipo njinga zakuda zonyamulira katundu zimavala 28 x 1½. Pa maso zimafanana, koma muyeso wa limu ndi mamilimita 622, 630 ndi 635 motsatana, ndipo tayala la imodzi silikhala pa inzake. Nambala yodalirika ndi yolembedwa m'mbali mwa tayala, monga 25-622. Yoyambayo ndi kunenepa kwa tayala. La 23 mm linapangidwira tala wosalala. Pa msewu wa zigamba ndi maenje limatsina chubu kawirikawiri. Felemu yokhala ndi mpata wolowa tayala la 28 kapena 32 mm ili ndi mwayi waukulu pa inzake imene imalekeza pa 25. Komanso machubu ambiri a njingazi ali ndi vavu yowonda yotchedwa Presta, yomwe pampu wa pamsika saigwira popanda kolumikizira. Ndi kachinthu kotsika mtengo, koma kupanda iko munthu amakankha njinga.

Zotsalazo zimayesedwa m'mphindi imodzi. Kugwira buleki yakutsogolo n'kukankha njinga uku ndi uku kumaulula khosi logwedera. Kugwedezera mikono ya mapedulo m'mbali kumaulula mabelingi otha, chimodzimodzinso mawilo. Izi ndi zokonzeka, ndipo ntchito yake ndi yotsitsira mtengo. Amene akufuna kumanga kaliyala wa chikwama ayang'ane ngati felemu ili ndi timabowo ta mabawuti pafupi ndi ekiselo yakumbuyo. Njinga zimenezi si za kabaza kapena thumba la chimanga. Wofuna zotero agule Buffalo kapena njinga ina yolimbira katundu.

Akatha zonsezi, mphunzitsi uja atenge pepala alembe pansi pa njinga iliyonse zomwe ikufuna kuti iyende chaka chathunthu, ndipo afunse mitengo yake kwa ogulitsa zipangizo asanalipire. Mtengo weniweni ndi wa pashopu kuphatikiza mndandandawo. Ngati ya kaboni ikufuna tcheni, masipuloketi ndi matayala awiri, pamene yachitsulo ikungofuna mphira wa mabuleki ndi nthambo, njingazo sizilinso pa mtengo umodzi. Kwa woyenda ulendo wa tsiku ndi tsiku, yachitsulo kapena ya aluminiyamu wosang'aluka, ya masipuloketi 8 kapena 9 ndi masipoko 32, ndiyo yoyenera kupita nayo kunyumba. Ya kaboni ili ndi mwini wake: wokonzekera mipikisano, amene akudziwa amene ankaikwera ndipo ali ndi ndalama zoisamalira.

Ndalama zisanachoke m'thumba, njinga itembenuzidwe. Kunsi kwa felemu, pamene pamadutsa ekiselo ya mapedulo, pamakhala nambala ya njingayo. Ngati yapalidwa kapena kupakidwa penti yochindikala, wogula achokepo, chifukwa kupezeka ndi katundu wakuba ndi mlandu ndipo njinga ndi ndalama zomwe zimapita limodzi. Nambalayo ilembedwe pa lisiti pamodzi ndi dzina la wogulitsa, nambala yake ya foni ndi tsiku logulira, ndipo wogula aijambulenso pa foni.