Mafunso ndi Mayankho: Za Kuika Injini Yachilendo m'Pikapu

 Makalata ambiri amene afika sabata ino akufunsa za kuchotsa injini ya dizilo yotopa m'pikapu yonyamula katundu wolemera ndi kuikamo ya mtundu wina, ndipo ndasankhapo atatu.

Kalata yoyamba yachokera kwa bambo ena a ku Ntchisi, ogula chimanga ndi soya m'midzi. Akuti: "Ndili ndi Land Cruiser ya pikapu yakale, ya injini ya 2H, imene tsopano ikudya oyilo, ikufuka utsi, ndipo pachitunda imachita kukwawa. Wogulitsa wina mu Lilongwe wandionetsa injini ziwiri zochokera ku Japan, 1HZ ndi 1HD-T ya tebo. Mtima wanga uli pa ya tebo. Kodi ndilakwa?"

Bambo, simunalakwe kuikhumba, pakuti ngakhale injini ziwirizo n'za mimba imodzi, zonse za masilinda 6 ndi malita 4.2, ndipo zonse Toyota inazitulutsa mu 1990, ya teboyo ili ndi mphamvu yokoka yofika cha m'ma 360 Nm pamene 1HZ imalekezera cha m'ma 285. Ndipo munthu amene anakwerapo chitunda cha Chiweta kapena cha Khwekhwerere ndi matumba odzaza kumbuyo, injini yopanda tebo ikubanika chifukwa cha kupepuka kwa mpweya wa kumapiri, adziwa yekha kukoma kwa kusiyanako. Koma injini siyenda yokha. Mphamvu imene mwaonjezayo iyenera kudutsa pa kilatchi, pa giyabokosi, pa propshaft ndi pa difu, ziwalo zimene zakalambira pamodzi ndi 2H yanuyo, ndipo monga Malemba atichenjeza za vinyo watsopano ndi matumba akale, chimene chimaphulika n'chakalecho. Kilatchi idzayamba kuterereka, pambuyo pake giya ya nambala 5, imene ndiyo yofooka pa magiyabokosi ambiri, idzayamba kulira. Radiyeta imene inkakwanira kale idzapereweranso, pakuti moto wochuluka umafuna madzi ochuluka. Mukaumirira pa ya tebo, werengeranitu mtengo wa zonsezi, ndipo musanaimange sinthani mabeyaring'i a big end, popeza 1HD-T za zaka zoyambirira zinatchuka ndi nthenda ya kutha msanga kwa mabeyaring'i amenewo.

Ine ndikadakhala inu ndikadatenga 1HZ, chifukwa amakanika a pa boma lililonse amaidziwa, ndipo zipangizo zake sizisowa. Ngakhale iyo siingolowa ngati phazi m'nsapato. Mamaunting'i ake ali pena, chotero padzafunika wowotcherera wa dzanja labwino. Bell housing ndi yosiyana. Ndipo pamene 2H imazimitsidwa ndi kamota kotchedwa EDIC kokoka ndodo ya pa pampu, 1HZ imazima ndi solenoid ya waya umodzi, kotero mawaya ayenera kukonzedwanso. Ilinso ndi lamba wa taimingi, amene 2H inalibe, wofunika kusintha pa makilomita 100,000 alionse; muikepo watsopano injini isanalowe, pakuti simudziwa kuti amene alipoyo wayenda mtunda wotani. Muwerengenso zolembedwa pa sitata, pa alutaneta ndi pa mahita, chifukwa Land Cruiser zambiri za ku Japan zinali za mavoti 24 pamene yanu ingakhale ya 12.

Ndipo musapereke ndalama chifukwa choti injini yatsukidwa nkupakidwa utoto, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mufike m'mamawa, muike dzanja pa buloko kuti mutsimikize kuti ndi yozizira, popeza ochenjera amaiotheratu wogula asanafike. Ikalira, mutsegule chivindikiro cha oyilo ndi kuchisanjika pakamwa pake osamanga. Chikamangonjenjemera pang'ono palibe mlandu, koma chikamadumpha, utsi uli tolotolo, mapisitoni ndi maring'i zatha, ndipo mukugula matenda omwewo amene muli nawo kunyumba. Pansi pa chivindikirocho mukapeza phala lotuwira, madzi akulowa mu oyilo. Wogulitsa wokana kuti muyeze compression, mutsazikeni mwaulemu.

Kalata yachiwiri yalembedwa ndi mnyamata wogwira ntchito ku Johannesburg, amene akuti waona pa YouTube anthu a ku America akuika injini ya Cummins m'mapikapu a Ford, ndipo akufuna kuchita chomwecho pa Land Cruiser ya atate ake.

Achimwene, zimene mwaonazo n'zoona, ndipo zili ndi chifukwa chake. Pakati pa 2003 ndi 2007, Ford inkaika m'mapikapu ake aakulu, F-250 ndi F-350, injini ya malita 6.0 yotchedwa Power Stroke, yopangidwa ndi Navistar, imene inasautsa eni ake ndi zoziziritsira oyilo ndi utsi zotsekeka ndiponso magasiketi opsa; ndipo ambiri atatopa anatembenukira kwa Cummins ya malita 5.9, imene Dodge inayamba kuika mu Ram mu 1989, makamaka ya mavavu 12 ya pampu ya Bosch P7100 ya zaka za 1994 mpaka 1998, yosafuna kompyuta kuti ilire. Koma taonani kumene iwo akuiika: m'galimoto ya chesesi, masipuling'i ndi ekiselo zomangidwira injini yolemera chotero, m'dziko limene mbale yolumikizira injini ku giyabokosi amangoitanitsa m'sitolo. Cummins imeneyo imalemera pafupifupi theka la tani. Mukaisenzetsa Land Cruiser, mphuno idzagwa, chiwongolero chidzalemera, ndipo mabuleki amene ankaimitsa galimoto potsika ku Thabwa adzapsa musanafike kuchigwa. Komanso imazungulira pang'onopang'ono, cha m'ma 2,500 pa mphindi, pamene difu ya Land Cruiser inawerengedwera injini yofika kufupi ndi 4,000, kotero mudzakhala ndi galimoto yozula chitsa koma yolephera liwiro pa msewu wa M1. Ndalama zanu mwazivutikira kuchilendo. Tumizani zipangizo za ovaholo, atate akonzetse injini imene ilimo.

Yachitatu ndi ya mayi ena a ku Chikwawa, ndipo ndi yaifupi. Mwana wawo anasintha injini m'pikapu zaka zapitazo, tsopano akufuna kuigulitsa, koma wogula wabwerera chifukwa nambala ya pa injini siikugwirizana ndi ya mu blue book.

Mayi, wogulayo wachita mwanzeru, pakuti injini yopanda mapepala palibe angatsimikize kuti siyakuba. Mwana wanu afunefune lisiti imene anagulira injiniyo, pamodzi ndi mapepala a MRA ngati inachokera kunja, apite ndi galimoto yomweyo ku ofesi ya Road Traffic kuti akaione ndi kulemba nambala yatsopano, ndipo adziwitsenso a inshuwalansi, amene pa tsiku la ngozi angakane kulipira galimoto yosiyana ndi imene anailemba. Bambo a ku Ntchisi, mawu amenewa akukhudzani inunso: lisiti yanu ikhale ndi nambala ya injini, ndipo muiyerekeze nokha ndi yodindidwa pa buloko musanachoke pa sitolo.

Nthawi yatithera. Inu amene mulembe sabata yamawa, chonde tchulani dzina la injini, chaka cha galimoto, katundu amene mumanyamula ndi misewu imene mumayenda, kuti ndikuyankheni molunjika.