Kodi Akufa Athu Ali Kuti?

Vesi Loloweza Pamtima: 1 Atesalonika 4:13, 14.

SABATA MASANA

Pamaliro m'midzi ya kwa Khombedza timamva ziphunzitso zitatu. Mlaliki wina amati womwalirayo wafika kale kumwamba. Wina amaopseza anamfedwa kuti munthu wosalapa ayamba kupsa tsiku lomwe wamwalira. Akuluakulu a m'mudzi nawonso amati mzimu wake uli pafupi, ndipo ukapanda kufululiridwa mowa udzadwalitsa ana. Mai wamasiye amene mwana wake watentha thupi usiku ayenera kusankha mau oti awakhulupirire. Sabata ino tifufuza chimene Malemba amaphunzitsa.

TSIKU LOYAMBA: Imfa Ndi Tulo

Kodi munthu anapangidwa ndi zinthu ziti? Genesis 2:7.

Mulungu anaumba dothi, nauziramo mpweya, ndipo munthu anakhala wamoyo. Sanaikemo kamunthu kena kosafa. Pa imfa ziwirizi zimalekana, dothi libwerera kunthaka, mpweya ubwerera kwa Mwini wake, ndipo kuganiza konse kumatha (Mlaliki 9:5, 6, Masalmo 146:4). Liu la Chihebri lakuti Sheol, limene lipezeka koposa ka 60 m'Chipangano Chakale, limanena za manda, kumene olungama ndi oipa omwe amapita. Yakobo ndi Yobu anayembekeza kupita komweko.

Kodi Yesu anaitcha chiyani imfa ya Lazaro? Yohane 11:11-14.

Lazaro anagona m'manda masiku 4. Atauka sanasimbe za kumwamba kapena za moto, pakuti panalibe chimene anaona.

TSIKU LACHIWIRI: Moto wa Gehena

Liu lakuti Gehena lipezeka ka 12 m'Chipangano Chatsopano. Linachokera ku Chigwa cha Hinomu, kumwera kwa Yerusalemu, kumene mafumu Ahazi ndi Manase anawotcha ana awo kwa milungu yachilendo, kufikira Yosiya anadetsa malowo (2 Mafumu 23:10). Yesu anagwiritsa ntchito dzinali pochenjeza za chilango chotsiriza.

Kodi moto umenewu udzayaka liti, ndipo udzasiya chiyani? Malaki 4:1, 3. Chibvumbulutso 20:9, 14.

Alimi a thonje a ku Salima amazula mitengo yake akatha kukolola, naiunjika, naitentha kuti tizilombo tisapitirire chaka china. Motowo sumazimitsidwa, koma mitengo ikatha umazilala wokha, ndipo patsala phulusa. Chomwechonso oipa adzatha psiti zitapita zaka 1,000. Sodomu analangidwa ndi moto wosatha (Yuda 7), koma lero sakuyakanso. Chosatha ndicho chotsatira chake. Chiphunzitso chakuti mzimu sufa chinalimbikitsidwa ndi nzeru za Agriki monga Plato. George Storrs anachitsutsa m'maulaliki ake a 1842, ndipo mpingo wathu unatsimikizanso za tulo ta akufa pa msonkhano wa ku Dallas mu 1980.

TSIKU LACHITATU: Nanga Amene Amatidzera M'maloto?

Werengani Deuteronomo 18:10-12 ndi 2 Akorinto 11:14.

Ngati akufa sadziwa kanthu, sangapemphe nsembe, sangakwiye, ndiponso sangadwalitse mwana. Kulota amene tinawakonda si tchimo, mtima umakumbuka. Koma mau otilamula m'dzina la wakufa sachokera kwa iye, ndipo tisawamvere. Mwana wodwala timupempherere ndi kuthamangira naye kuchipatala.

Tiyenera kulira ndi olira, kukumba nawo manda ndi kulemekeza mafumu athu. Chosiyana ndi chiyembekezo chathu: lipenga lidzalira, ndipo ogona mwa Khristu, kaya ali kumanda a kumudzi kaya anamira m'nyanja, adzauka pamodzi.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi tingamutonthoze bwanji kholo limene mwana wake anamwalira asanabatizidwe, popanda kulonjeza zimene Mulungu yekha adziwa?

2. Achibale atatikakamiza kupereka chimanga cha mowa wa mizimu, tingakane motani mwaulemu, osasiya kuthandiza banja lofedwa?

3. Kodi chiphunzitso cha kuzunzika kosatha chimaonetsa Mulungu wotani kwa anansi athu?