Phunziro la za Makina: Kuika Khadi la Wi-Fi m'Kompyuta ya pa Tebulo

M'maofesi a maparishi athu ambiri muli kompyuta ya pa tebulo, ija ya bokosi lachitsulo, imene isunga maina a obatizidwa, a olandira ulimbitso, a omanga ukwati, ndi kaundula wa mtulo. Makompyuta otere ambiri adapangidwa kuti azilandira intaneti pa waya pokha. Tsono makalata a ku dayosizi akabwera pa intaneti, rauta ili kuchipinda china, ena ayesa kuti kompyutayo yakalamba, n'njofunika kutaya. Iai, abale. Chimene isowa ndi kachipangizo kotchedwa khadi la Wi-Fi, ka mtengo wochepa ndithu poyerekeza ndi kompyuta yatsopano. Ndalama za parishi ndi thukuta la akhristu, sitiyenera kuzimwaza.

Kuika khadilo ndi ntchito ya mphindi zowerengeka. Chimene chigwetsa anthu ndicho kusakonzekera. Ine ndemwe chaka china ndidaika khadi bwinobwino, ndi kutseka bokosi, ndi kuyatsa, koma kompyuta sidalizindikire. Idafuna pulogalamu yotchedwa driver, imene iphunzitsa kompyuta kulankhulana ndi khadi. Pulogalamuyo idali pa intaneti, ndipo intanetiyo ndiyo ndidalibe! M'mawa mwake ndidakwera njinga yamoto kunka ku boma kukaitenga. Ndikadafunsa, akadandiuza kuti foni yolumikizidwa ndi waya wa USB itha kubwereka kompyuta intaneti. Akulu adanena: safunsa adadya phula.

Kodi khadi limeneli n'chiyani?

Ndi wailesi yaing'ono yotumiza ndi kulandira mauthenga pakati pa kompyuta ndi rauta. Malamulo ake oyamba, otchedwa 802.11, adawakhazikitsa akatswiri a bungwe la IEEE m'chaka cha 1997. Pambuyo pake padadza mibadwo ina: ya 2009, imene lero itchedwa Wi-Fi 4, ya 2013, ndiyo Wi-Fi 5, kenaka Wi-Fi 6 ndi ina yotsatira. Khadi latsopano limvana ndi rauta yakale, komatu zikhala ngati ng'ombe ziwiri m'goli limodzi: ngolo iyenda pa liwiro la yofookayo.

Mafunde ogwiritsidwa ntchito kwambiri ali a mitundu iwiri. A 2.4 GHz afika patali ndipo apyola zipupa bwinoko. A 5 GHz athamanga koposa, koma afooka msanga. M'nyumba zakale za pa mishoni, za zipupa zochindikala za njerwa, oyambawo ndiwo athandiza kawirikawiri. Chifukwa chake gulani khadi lakumva mitundu yonse iwiri; pa katoni pake palembedwa kuti dual band.

Zinthu zitatu zoyamba

Choyamba, onani m'kati musanagule. Pa bolodi lalikulu, lotchedwa motherboard, pali mipata yolowetsamo makhadi. Makhadi a masiku ano afuna mpata wa PCIe, kawirikawiri kaufupi kotchedwa x1, ngakhale kuti alowanso mu mpata wa PCIe wautali. Makompyuta akale ali ndi mipata ya PCI, nthawi zambiri yoyera, ndipo khadi la PCIe silingalowemo. Jambulani m'katimo ndi foni, mukaonetse mwini sitolo. Ngati bokosi lanu lili lopyapyala, pemphani khadi lokhala ndi kachitsulo kakafupi ka kumbuyo. Mpata ukasowa, kalipo kachipangizo ka Wi-Fi kongolowetsa pa USB, kosafuna kutsegula bokosi. Koma tating'onoting'ono timva patali movutikira.

Chachiwiri, tengeranitu driver wa khadilo, woyenerana ndi Windows kapena Linux imene ili m'kompyuta yanu, mumsunge pa flashi.

Chachitatu, chimene chiposa zonse: koperani mabuku onse a parishi pa flashi ina kapena pa disiki yapadera. Khadi likaonongeka mugula lina, koma maina amene mlembi adawalowetsa zaka zambiri sagulidwa m'sitolo.

Kaikidwe kake

1. Zimitsani kompyuta, muzule pulagi ku khoma, ndi kudina batani loyatsira kamphindi kuti magetsi otsalira athe.

2. Masulani masikulu, muchotse chivundikiro cha m'mbali. Kabokosi ka magetsi kamene kali m'katimo musakatsegule konse, pakuti kasunga mphamvu yoopsa ngakhale pulagi itazulidwa.

3. Khudzani chitsulo cha bokosi ndi dzanja. Thupi la munthu lisonkhanitsa timagetsi, makamaka m'chilimwe, tija tithetheka povula juzi mumdima. Ife sititimva kwenikweni, koma titha kupha khadi.

4. Chotsani kachitsulo kotseka zenera la kumbuyo loyang'anana ndi mpata mwasankha.

5. Gwirani khadi m'mphepete, osakhudza mano ake onga golide. Likanikizeni mofanana mbali zonse kufikira litakhazikika. Likakana, musalimbane nalo: litulutseni, muonenso. Tsono mangani sikulu yake.

6. Ngati khadi lili ndi Bluetooth, pakhala kawaya kolumikiza pa timano ta pa bolodi tolembedwa USB. Mukakaiwala, Wi-Fi igwirabe ntchito, Bluetooth yokha ndiyo ikhala chete.

7. Tsekani bokosi, mupotere timilongoti kumbuyo ndi zala, muyatse, muike driver, ndi kusankha dzina la rauta yanu.

Apa ambiri adandaula kuti intaneti ili yofooka, namanena kuti adagula khadi lachabe. Kawirikawiri mlandu si wa khadi ai. Timilongoti tili kumbuyo kwa bokosi lachitsulo, pansi pa tebulo, pafupi ndi khoma, ndipo chitsulo chitchinga mafunde. Tembenuzani bokosi, kapena kwezani rauta pamwamba. Makhadi ena adza ndi mlongoti wa waya wautali woika pa tebulo, ndipo umenewo ndiwo wabwino koposa.

Mwatsegula khomo, ikanipo chitseko

Kompyuta imene kale idali yokha tsopano yalowa mumsewu wa anthu onse, m'mene muyenda olungama ndi akuba omwe. M'katimo muli zinsinsi za mabanja zimene akhristu adatisungitsa. Chifukwa chake pa rauta sankhani chitetezo cha WPA2, cha 2004, kapena WPA3, cha 2018. Chakale chotchedwa WEP chidathyoledwa kalekale. Mawu achinsinsi akhale aatali, asakhale dzina la parishi kapena la woyera woisunga, ndipo asamatidwe pa khoma. Dziwaninso kuti a Microsoft adaleka thandizo la masiku onse pa Windows 7 mu Januwale 2020, ndi pa Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Ngati kompyuta yanu iyenda ndi zimenezi, funsani wodziwa musanailumikize.

M'chaka cha 1963 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chotchedwa Inter Mirifica, udaphunzitsa kuti zipangizo zofalitsira mauthenga zitha kuthandiza anthu kwakukulu, zikagwiritsidwa ntchito ndi mtima wolungama. Nzeru imeneyi iyambira pa zazing'ono: kuona musanagule, kusunga musanatsegule, kutseka mutalumikiza.

Mafunso okambirana ndi mlembi wa parishi

1. Kodi mabuku a m'kompyuta yathu adakoperedwa liti komaliza, ndipo asungidwa kuti?

2. Kodi m'bokosi lathu muli mpata wa mtundu wanji?

3. Ndi anthu angati adziwa mawu achinsinsi a rauta yathu?