KAODZERA: NTHENDA YODZIBISA M'MALUNGO

Ine kwathu ndi ku Thazima m'boma la Rumphi, pamene pali chipata cholowera ku Nyika. Nkhalango ya Vwaza sili patali nafe, ndipo m'menemo mumapezeka kashembe, ntchentche yoluma imene imafalitsa kaodzera. Anzanga kuno akamva dzinali amaseka, n'kumalozana amene amaodzera m'kalasi. Ine sindiseka nawo.

Patchuthi chapitachi ndidapeza amalume ali gone. Mutu unkawawawa, thupi lili moto, ndipo pamwendo padali kachilonda kotupa. Tonse tidati ndi malungo. Adamwa mankhwala ogula pagolosale koma osasintha. Kenaka adayamba kugona masana, usiku n'kuchezera kulankhula zosamveka. Ena adayamba kunong'onezana za ufiti. Mwamwayi amayi adaumirira kuti alongo awowo apite kuchipatala chachikulu ku Rumphi, komwe atayeza magazi adapezamo tizilombo ta kaodzera.

Tizilomboti, totchedwa Trypanosoma brucei rhodesiense, timakhala m'magazi a nyama zakutchire monga mbawala, ngakhalenso a ng'ombe. Kashembe akayamwa magazi a nyama yotere amatenga tizilomboto, n'kudzatisiya mwa munthu pomuluma. Tikalowa timaswana m'magazi. Thupi limatumiza asilikali ake kuti atiphe, koma apa ndi pamene padandizizwitsa: tizilomboti timasintha khungu lake lakunja, ngati mbala yosintha malaya, kotero asilikali aja satizindikiranso. N'chifukwa chake thupi limatentha, kuzizira, kutenthanso. N'chifukwa chakenso mpaka lero kulibe katemera wake. Pomaliza timalowa muubongo n'kusokoneza tulo ndi nzeru. Munthu akapanda kulandira chithandizo amamwalira m'masabata kapena miyezi yochepa chabe.

Kale mankhwala ake adali a jakisoni okhaokha: suramin nthenda ikangoyamba, ndi melarsoprol ikafika kuubongo. Melarsoprol ali ndi chiphe cha arsenic, ndipo ankapha pafupifupi munthu mmodzi mwa odwala 20 olandira. Tsopano kuli mapiritsi a fexinidazole, amene adayesedwa pachipatala cha Rumphi chomwechi ndi ku Lwala m'dziko la Uganda. Bungwe la WHO lidawavomereza m'chaka cha 2024. Amamwedwa masiku 10, munthu atadya chakudya chokwanira. Ana osakwana zaka 6 kapena makilogalamu 20 amalandirabe mankhwala akale aja.

Nanga tingadziteteze bwanji? Kashembe amakopeka ndi mtundu wabuluu ndi wakuda. Popita kumunda kapena kokatola nkhuni pafupi ndi nkhalango, valani zovala za khaki zokuta mikono ndi miyendo. Nsalu zabuluu ndi zakuda zimene zimapachikidwa m'malire a nkhalango ndi misampha yopakidwa mankhwala ophera kashembe. Chonde makolo, musalole wina azichotse.

Koma chachikulu ndi ichi. Mukatentha thupi, poyeza n'kupezeka kuti mulibe malungo, kapena mwamwa mankhwala a malungo osachira, auzeni adokotala kuti mudali kufupi ndi Vwaza, Nkhotakota kapena Kasungu. Kachipangizo koyezera malungo sikaona kaodzera. Anzanga a ku Rumphi, tikadwala kuno titangochokera kutchuthi, tiziwauza zimenezi otisamalira, chifukwa iwo sangalote.

Amalume adachira ndipo ayambiranso kulima fodya wawo. Malaya awo abuluu aja tsopano amangovala popita kumsika ku Bolero.