Kukhala Chete Pamene Munthu Akuchira

ELIYA anali atangoona moto ukutsika kumwamba paphiri la Karimeli, pamaso pa aneneri a Baala 450. Komabe, chiwopsezo chimodzi cha Mfumukazi Yezebeli chinamthaŵitsa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kumka ku Beereseba. Kumeneko anasiya mnyamata wake, naloŵa yekha m'chipululu, nakhala patsinde pa chitsamba, napempha kuti afe.—1 Mafumu 19:1-4.

2 Kodi Yehova anachita naye motani? Sanamdzudzule. Mngelo anamdzutsa, namsonyeza mkate ndi mtsuko wa madzi, ndiyeno anamleka kuti agonenso. Anamdyetsanso kachiŵiri asanayambe ulendo wa masiku 40 wa ku Horebe. Chakudya ndi tulo zinayamba, ndipo uphungu unadza pambuyo. Zimenezi nzotonthoza kwa wodwala kapena wofedwa amene amadziimba mlandu chifukwa chakuti sakuchita zimene ankachita kale.

3 Koma thupi si lokhalo limene linatopa. Ku Horebe, Eliya anabwereza kaŵiri dandaulo limodzimodzi, lakuti anatsala yekha. Kodi zinalidi motero? Iyayi, pakuti Obadiya anali atamuuza kale za aneneri 100 amene anawabisa m'mapanga. Mtima wosweka umatero. Umagwira lingaliro limodzi loŵaŵa, numaliyesa choonadi chonse. Mphepo yong'amba mapiri, chivomezi, ndi moto zinapita, ndipo kunali pambuyo pa liwu laling'ono labata pamene mneneriyo anamva kuti kunali anthu 7,000 osagwadira Baala.—1 Mafumu 18:13, 19:9-18.

4 Akatswiri amakono azindikiranso phindu la bata. Mu 1979, Jon Kabat-Zinn anayambitsa maphunziro pa University of Massachusetts, ophunzitsa odwala kukhala chete kwa milungu 8, kusamalira mpweya wawo, ndi kuona lingaliro likudza osalithamangira. Njirayo inachokera kumiyambo ya Chibuda, ndipo si imene Eliya anatsatira. Iye anali kumvetsera Mulungu. Ngakhale kuli tero, wochira angakhale pansi kwa mphindi zoŵerengeka, akumapuma pang'onopang'ono, nadzifunsa mofatsa kuti: ‘Kodi lingaliro limene likundisautsali nloonadi?’ Zimenezi sizimaloŵa m'malo mwa mankhwala, ndipo wolingalira za kudzipha afunikira kuuza wina mwamsanga.

5 Eliya sanakhalitse kuphangako. Anatumidwa kukadzoza Elisa, amene anakhala mtumiki wake.

1, 2. Kodi Eliya anapatsidwa chiyani choyamba?

3. Kodi nchifukwa ninji dandaulo lake silinali loona?

4, 5. Kodi wochira angadzifunse funso lotani?